Chikoti chagwera mista wathu

Achimwene,

Landirani moni wochokera kuno ku Ulongwe. Tonse tili bwino, kungoti chisanu chabwera msanga ndipo ana akutsokomola mosinthana. Mayi anu ndinawaona Lamulungu potuluka m'tchalitchi, ali ndi mphamvu ndithu. Akuti ndikuuzeni kuti kachewere wa kudimba kuja akumba, koma ogula ochokera ku Tete akutchula mitengo yonyoza.

Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndinaumvera kawiri, uja munakalipa kuti, "Mista mwamuchotseranji?" Munkanena kochi wa timu yathu ya mpira uja. Sindinayankhe chifukwa nkhaniyi singakwane m'mawu a mphindi imodzi, komanso manyazi anandigwira. Ndiyambe ndi kuulula: pamene ankawerenga manja, langa linali m'mwamba.

Zinayenda chonchi. Tinagonja masewero anayi otsatizana, lomaliza pabwalo lathu lomwe, ana akutikuwiza mpaka kumsika. Lachiwiri lake komiti inakumana kuseri kwa baraka ija mumaidziwa. Mkulu amene amatigulira mayunifolomu ndi kulipira chapa, minibasi ija, tikamapita koyenda ananena mosapsatira kuti mista akakhalapo, iye metikali yake satulutsanso. Tonse asanu ndi awiri tinkadziwa chimene chadwalitsa timu. Goloboyi wathu anapita kukafuna ntchito ku Moatize. Anyamata awiri akutsogolo ali kalikiliki ndi fodya, ku mazoloweredwe amafika dzuwa litapendeka, miyendo ili lendelende. Mipira yabwino yatsala iwiri. Koma fodya simungamuitanitse pa msonkhano, ndipo mwini chapa simungamuonetse msana wa njira. Amene anali wosavuta kumukhudza ndi mmodzi yekha.

Pa wailesi akamanena za Moçambola, ligi yaikulu ya kuno ku Mozambique, kuchotsa kochi amati "chicotada psicológica". Ndiye kuti chikoti cha m'maganizo. Ndimaseka ndikamva mawuwa, poti chikoti tonse tinachidziwira pa ngolo. Akuti cholinga n'kudzidzimutsa osewera kuti adzuke. Nanga bwanji chikoticho chimagwera woyendetsa ngolo, ng'ombe zili phee?

Usiku umenewo tulo tinandithawa, ndiye ndinayamba kukumbukira za matimu akuluakulu, mwina pofuna kudzitonthoza kuti si ife tokha. Mukukumbukira tsiku la 22 Januwale 2024, Mambas, timu ya dziko lathu, akusewera ndi Ghana mu chikho cha Africa ku Abidjan? Inu munali kale ku Joni, tinkangoimbirana foni ikudukaduka. Ghana inali patsogolo 2-0, zigoli zonse za Jordan Ayew pa penate, ndipo anthu ena anali atayamba kutuluka m'baraka. Mphindi 90 zitakwana Geny Catamo anamwetsa penate. Kenaka goloboyi wa Ghana anakhudza mpira umene unkatuluka wokha, n'kutipatsa kona yaulere, Reinildo Mandava n'kuumenya ndi mutu. Mawa lake kochi wa Ghana, Chris Hughton, ntchito inatha. Tsono taganizani: Ghana inamaliza ndi mapointi 2, ifenso mapointi 2, tonse tinatuluka m'ndime yoyamba. Wina anachotsedwa, pamene wathu Chiquinho Conde anapitiriza ntchito anthu akumuyamikira. Kusiyana kwake sikunali pabwalo ayi. Ghana inatengapo chikho cha Africa kanayi, ndiye kwa iwo mapointi 2 ndi maliro. Ife tinali tisanapondeko ku mpikisanowu chichokere 2010, ndipo kufanana mphamvu ndi Egypt komanso Ghana kunali ngati ukwati. Kochi amamuyeza ndi njala ya eni timu, ndipo njalayo imasiyana khomo ndi khomo. Dzanja limene linakhudza mpira uja silinali la Hughton, koma mutu waukulu sulewa nkhonya.

Mukhoza kunditsutsa ndi nkhani ya Côte d'Ivoire, ndipo ndikudziwa mutero. Eni bwalo aja atakwapulidwa 4-0 ndi Equatorial Guinea anachotsa Jean-Louis Gasset mpikisano uli mkati, n'kupereka timu kwa womuthandiza, Emerse Faé. Anadutsa Senegal, Mali, DR Congo, n'kugonjetsa Nigeria 2-1 mu fainolo. Nkhani imeneyi ndi imene mkulu wa chapa uja anatikumbutsa pa msonkhano, ndipo palibe anamuyankha. Koma ine ndikuona kuti nkhani ngati iyi imakumbukika chifukwa ndi yosowa. Matimu amachotsa kochi pamene zinthu zafika poipitsitsa, ndipo timu ya osewera abwino siikhalitsa pansi, imadzuka ngakhale pa benchi mutakhazika agogo anga. Zili ngati munthu amene wamwa mankhwala tsiku limene chimfine chimati chithe chokha, n'kumatamanda sing'anga. Komanso n'zoona kuti osewera amene ankasungidwa panja amathamanga ngati agwape pofuna kudzionetsa kwa bwana watsopano. Zimenezo zimatha masabata angapo, kenaka mavuto akale aja amabwerera pamalo pake.

Chachikulu ndi ndalama, achimwene. Timu ya ligi yaikulu ili ndi osewera oposa 20, aliyense ndi kontrakiti yake, ndipo kugula kapena kugulitsa osewera kumaloledwa pa nyengo zoikika zokha. Kochi yekha ndiye mungamuchotse Lolemba lililonse. Mumulipira chipukuta misozi, inde, koma kutsika mu ligi kumadya zambiri kuposa pamenepo: ndalama za kanema, makampani othandiza, osewera abwino onse amathawa. Ndiye pulezidenti wa timu akamva masapota ayamba kutchula dzina lake m'nyimbo zawo, amadziwa kuti nthawi yakwana yowaponyera munthu. Kochi ali ngati mkamwini. Nyumba wamanga ndi iye, nkhokwe wadzaza ndi iye, koma mudzi si wake. Zinthu zikavuta, eni mbumba amakhala pansi n'kumulongedzera kathumba kake.

Ngakhale nkhokwe itadzaza chotani. Claudio Ranieri anapatsa Leicester chikho cha ligi ya England mu 2016, chinthu chimene palibe analota, koma pofika Febuluwale 2017 anali atachotsedwa. Roberto Di Matteo anatengera Chelsea chikho cha Champions League mu Meyi 2012, Novembala wa chaka chomwecho ntchito inatha. Thomas Tuchel anatenganso chikho chomwecho ndi Chelsea mu 2021, koma timu itagulidwa ndi eni atsopano mu 2022 sanathe nawo miyezi yambiri. Apa mpamene ndimaona kuti mapointi ndi chifukwa chongolembera m'kalata. Mwini watsopano amafuna munthu wake, womumvera, amene akapambana ulemu upite kwa amene anamusankha.

Ndipo chomwechonso ndi chimene chimasunga kochi. Inu masapota a Sporting ya ku Portugal simuiwala Marichi 2020, pamene pulezidenti wanu Frederico Varandas analipira Braga mayuro 10 miliyoni kuti atenge Ruben Amorim, mnyamata amene anali atangotsogolera masewero owerengeka mu ligi yaikulu. Munthu amene wataya chuma chotere pa kochi sangamuchotse msanga, chifukwa kutero n'kudzitsutsa yekha pagulu. Zinamuyendera: mu 2021 Sporting inatenga ligi patapita zaka 19. Koma Amorim atapita ku Manchester United mu Novembala 2024, João Pereira amene analowa m'malo mwake sanafike ndi Chaka Chatsopano chomwe. Pulezidenti yemweyo, timu yomweyo, kuleza mtima kosiyana. Anthu amakonda kutchula Alex Ferguson, kuti anafika ku United mu 1986 n'kudikira mpaka 1990 kuti agwire chikho choyamba, kenaka n'kutenga ligi ka 13. Zoona. Koma amene anamusunga zaka zinayi zija ndi akuluakulu a timu amene anapirira kutukwanidwa m'malo mwake, ndipo mtundu umenewo wa mabwana ukusowa ngati mvula ya mu Ogasiti.

Kwathu konkuno nkhani ya njala ya eni timu tikuiona ku Songo. Kale chikho cha Moçambola kawirikawiri chinkazungulira ku Maputo, kwa Costa do Sol, Ferroviário, Maxaquene ndi Desportivo, ife a ku Tete tikungosangalala Chingale ikapulumuka. União Desportiva do Songo, ndi mphamvu ya kampani ya magetsi ya Cahora Bassa kumbuyo kwake, inatenga ligi mu 2017 pansi pa Chiquinho yemweyu, n'kubwerezanso mu 2018 ndi 2022. Kuchokera pamenepo, kumaliza pachitatu ku Songo anthu amakuona ngati kulephera, malo amene timu ina ingawavinire usiku wonse. Aliyense wovomera ntchito kumeneko amadziwa kuti wakwata kwa mphezi.

Sindikunena kuti kochi salakwa. Alipo amene osewera amasiya kumumvera, ndipo zikafika apo palibe mankhwala. Mumaona okha anyamata akuyenda pabwalo ngati atumidwa kumunda kwa apongozi. Wotero achoke basi. Koma mista wathu sanafike pamenepo. Anyamata amamukonda, ndipo atatu abwera kale kunyumba kwanga kudzafunsa ngati zimene amva n'zoona. Munthu uja watumikira timu zaka zisanu ndi chimodzi osalandira kanthu, nthawi zina kugula malalanje a osewera ndi ndalama ya m'thumba mwake. Ranieri ndi anzake aja pochoka amanyamula mamiliyoni. Wathuyu tinamutumizira mwana ndi kakalata, n'kumupemphanso kuti abweze wezulo ndi pampu.

Ndinakumana naye Lachisanu pa chigayo. Ndinkafuna kukhotera njira ina koma anali atandiona kale. Anandipatsa moni bwinobwino, n'kufunsa za odwala kunyumba, kenaka anati ndiuze amene atenge timu kuti mnyamata wa kumanzere uja asamamuseweretse kumbuyo, amachita mantha ndi mipira ya m'mwamba. Mawu ena sanawonjezere. Ine pakamwa panauma.

Tsono amene watenga timuyo ndi ine, achimwene. Komiti yati ndigwirizire mpaka apeze wina, poti ndine ndekha amene ndili ndi njinga yamoto yofikira ku bwalo msanga. Lamulungu tikupita ku Domwe, ndipo goloboyi ndilibe. Ngati kumeneko mungapeze magolovesi otchipa ndi mipira iwiri, patsirani aliyense wobwera pa basi yodzera ku Tete, ndidzakubwezerani tikagulitsa kachewere. Mwana wa mlongo wanu uja wamtali, kodi anagwirako pagolo kusukulu? Ndiyankheni lisanafike Loweruka.

Moni kwa alamu ndi ana.

Ine mnzanu wa ku Ulongwe