Mitengo tiziiwerenga mu Okutobala

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu za kutentha kumene kwatipana kuno ku Zomba chilimwe chino. Ine ndinakulira mumzinda uno pamene unkatchuka ndi kamphepo kayaziyazi kotsika m'phiri, moti ngakhale mu Okutobala tinkafunda nsalu m'bandakucha. Lero munthu wogona m'nyumba ya malata ku Chinamwali kapena ku Matawale amangotembenuka usiku wonse, thukuta lili kamukamu, ndipo ana amadzuka atatopa kale asanapite kusukulu.

Akatswiri a zanyengo amati dziko lonse likutentha chifukwa cha mpweya wotuluka poyatsa malasha, mafuta ndi gasi, ndipo wambiri umachokera kumayiko olemera. Ululu wake tinaumva ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, kenako ndi ng'amba ya 2024 pamene maboma 23 mwa 28 analengezedwa kuti agwa m'ngozi. Zimenezo sitingazithetse tokha, koma phiri lathuli si azungu amene akulimeta mpala.

Mitsinje ya Mulunguzi, Likangala ndi Domasi imachokera m'phiri la Zomba, ndipo madzi ake amakathera m'nyanja ya Chilwa. Nyanjayi ndi yosaya, choncho dzuwa likalimba imaphwa msanga. Inaumiratu mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anangokhala pamatope ku Kachulu, asodzi a matemba n'kusowa pogwira. Pamene m'mbali mwa mitsinje mulibe mitengo, madzi a mvula amathamanga tsiku limodzi atanyamula dothi, kenako chilimwe chikafika m'mitsinje mumangotsala mchenga. Madzi a m'mipopi yathu nawonso amachokera m'phiri lomweli, ku damu la Mulunguzi.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti chaka chilichonse, kuyambira Disembala mpaka Epulo, timadzala mbande mwachikondwerero, atolankhani n'kujambula, koma pofika Seputembala palibe amene amabwerera kukalambula udzu kapena kutchinga mbuzi. Wosaka mbewa mmodzi akayatsa tchire, ntchito ya dzinja lonse imasanduka phulusa. Ndikupempha khonsolo, a zankhalango, mafumu ndi aphunzitsi kuti mitengo tiziiwerenga mu Okutobala, ndipo mudzi kapena sukulu iziyamikiridwa chifukwa cha mitengo imene yapirira dzuwa, osati imene inakwiriridwa m'dothi. Tisamalirenso zitsa zimene zikuphukira zokha, pakuti mizu yake ndi yozama kale ndipo sizifuna kuthirira.

Wootcha makala sindikumuweruza, chifukwa wogula ndife a m'tauni. Komabe banja lililonse lingayambe ndi mbaula ya Chitetezo, imene imadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa atatu.

Pamene tikudikira kuti mthunziwo ukule, tisamale anthu amene dzuwa limawapweteka msanga, monga okalamba, makanda, amayi oyembekezera, akabaza ndi ogulitsa malonda pamtetete. Azimwa madzi ludzu lisanawagwire, ndipo ntchito yolemetsa ya kumunda izigwiridwa m'mamawa. Munthu akayamba chizungulire kapena kusokonezeka mutu, timuike pamthunzi, timunyowetse thupi ndi madzi ozizira, n'kuthamangira naye kuchipatala. Ndikupemphanso wailesi za m'madera kuti machenjezo a nthambi ya zanyengo aziulutsidwa m'Chichewa ndi m'Chiyao, kuti afike mpaka pachilumba cha Chisi.

Nzika yokhudzidwa,
Chinamwali, Zomba