Ana athu adziwe mmene bakiteliya amakoperera DNA yake

Akonzi,

Ndine mphunzitsi wa bayoloje kuno ku Mulanje ndipo ndili ndi pempho kwa inu komanso kwa akuluakulu okonza silabasi. Ana athu timangowauza kuti bakiteliya amagawikana pawiri, basi nkhani yathera pomwepo, mwana waloweza wakhoza mayeso. Koma asanagawikane amayenera kaye akopere DNA yake yonse, imene imasunga malangizo a chibadwa chake, ndipo makina amene amagwira ntchitoyi ndi amene ndikufuna tiwadziwe, chifukwa nkhani ya mankhwala osiya kugwira ntchito ija imayambira pamenepo.

Titenge E. coli, uja amakhala m'matumbo mwathu ndipo timamupezanso m'madzi a pachitsime zimbudzi zikagumuka ngati muja zinachitikira ndi namondwe wa Freddy mu 2023. DNA yake ili ndi timagawo totchedwa zilembo pafupifupi 4.6 miliyoni, ndipo amamaliza kukopera zonsezo pa mphindi ngati 40. Enzayimu yake, kutanthauza puloteni yogwira ntchito yokoperayi, ndi DNA polymerase III. Arthur Kornberg anapeza polymerase yoyamba mu 1956, anthu nkumaganiza kuti ndi yomweyo imene imakopera DNA yonse, koma mu 1969 Paula De Lucia ndi John Cairns anapeza bakiteliya amene polymerase yoyambayo inali yowonongeka koma ankaswana bwinobwino. Cha m'ma 1970 ndi pamene Thomas Kornberg, mwana wake wa Arthur yemweyo, pamodzi ndi Malcolm Gefter anatulukira yeniyeniyo.

Nde chimene chimandisangalatsa ine nchoti enzayimuyi si chinthu chimodzi ayi, ndi mapuloteni angapo amene amalumikizana. Pakati pali atatu, alpha, epsilon ndi theta. Alpha ndi amene amalumikiza zilembo zatsopano, epsilon amayendera pambuyo nkumachotsa chilembo chimene chalowa molakwika, theta ndi kakang'ono kamangothandiza epsilon kuti akhazikike. Atatuwa paokha ndi aulesi zedi, amalemba tizilembo tochepa kenaka agwa pa DNA, kuyambiranso, agwanso. Chimene chimasintha zonse ndi beta. Ameneyu ndi mapuloteni awiri ofanana amene amagwirana nkupanga mphete yozungulira DNA, ndipo chithunzi chake chinatuluka mu 1992 kuchokera kwa gulu la John Kuriyan ndi Mike O'Donnell. Amene munaonapo galu womangidwa pa waya wautali, tcheni chake chili ndi kamphete kamene kamatsetsereka pawayapo, galu amathamanga uku ndi uku koma sachokapo, ndi momwemo. Alpha akagwira pa mpheteyo amalemba zilembo masauzande ambirimbiri osagwa, pa liwiro la zilembo pafupifupi 1,000 pa sekondi imodzi.

Koma mphete yotseka ingalowe bwanji pa DNA ya bakiteliya poti nayonso ndi yozungulira, ilibe kothera? Apa mpamene pamabwera gulu lina, tau kapena gamma atatu, delta, delta prime, komanso chi ndi psi. Gululi limagwiritsa ntchito mphamvu ya ATP, kanthu kosunga mphamvu m'maselo, delta amatsegula mphete ija mbali imodzi, nkuiveka pa DNA, ATP ikaphwanyidwa gululo limasiya mphete itatsekeka alpha nkubwera kudzagwira. Tau aliyense ali ndi mchira wautali umene umagwira alpha mmodzi, ndiye gululi limagwira ma alpha awiri kapena atatu nthawi imodzi, komanso mchirawo umagwira helicase, amene amang'amba DNA patsogolo, kuti onse aziyendera limodzi. Ndipo gululi silipuma chifukwa DNA ili ndi zingwe ziwiri, chimodzi chimakoperedwa mosadukiza pomwe chinacho chimakoperedwa chobwerera m'mbuyo tizidutswatizidutswa ta zilembo 1,000 mpaka 2,000, tija anatipeza Reiji ndi Tsuneko Okazaki ku Japan, ndiye kachidutswa kalikonse kamafuna mphete yakeyake, sekondi iliyonse kapena awiri mphete ina yavekedwa.

Mwina wina afunsa kuti zimenezi zimukhudza bwanji munthu wothyola tiyi ku esiteti kapena mayi wogulitsa nanazi pa Chitakale. Zimamukhudza kwambiri. Epsilon ngakhale amayesetsa, mwa apo ndi apo chilembo cholakwika chimapulumuka, ndipo E. coli zinthu zikamuyendera amagawikana pa mphindi 20 zilizonse, amayamba kukopera kwina koyamba kuja asanamalize. Pa chigulu chotere, cholakwika chimodzi chikhoza kupanga kachilombo kamene mankhwala sakukapha. Ndiye ife tikamagula makapusozi awiri atatu pagolosale opanda adokotala, kaya kumwa amoxicillin chifukwa cha chimfine chabe, timapha tofooka nkusiyira malo tolimba tija. Mwana amene wamvetsa zimenezi akhoza kuwafotokozera agogo ake kunyumba chifukwa chake achipatala amalimbikira kuti mankhwala a TB amwedwe miyezi 6 yonse.

Chinanso, polumikizira mapuloteniwa ndi pamene asayansi akusakapo mankhwala atsopano. Mu 2015 zinadziwika kuti mankhwala otchedwa griselimycin amakakamira pa mphete ya beta ya kachilombo ka TB, pamalo pomwe polymerase amayenera kugwira, makina onse nkuima. Ife anthu mphete yathu ndi ina, imatchedwa PCNA ndipo ndi ya mapuloteni atatu, nchifukwa chake pali mpata wolasa ya kachilombo osakhudza yathu. Ine zimandiwawa kuti TB ikutha abale athu ku Mulanje ndi Thyolo kuno koma ana athu a fomu 4 sanamvepo nkomwe kuti kuli ntchito ngati imeneyi.

Pempho langa nloti mutipatse tsamba la sayansi m'Chichewa, olo kamodzi pamwezi, lokhala ndi zojambula zoti tizikamata pakhoma m'kalasi poti masukulu ambiri akumudzi labu tilibe. Aphunzitsi ndi ophunzira a ku yunivesite ya MUST pa Ndata pompa akhoza kumatilembera, inuyo mungowapempha.

Mphunzitsi wa bayoloje,
Mulanje