Aise, Usalitaye Buku la Pickwick Lija

Aise,

Zikuyenda kumeneko ku London? Kuno tilipo, ana ali bwino. Ndaona meseji yako yoti The Pickwick Papers yakubowa ndiye waisiya pa chaputala 5. Ayi mwana wa amayi, pirira mpaka chaputala 10, ngakhale azungu a mu 1836 nawonso koyambiriraku sikunawakome.

Paja bukuli poyamba silinali la Charles Dickens nkomwe. Wojambula zithunzi Robert Seymour ndi amene anapita kwa osindikiza, a Chapman ndi Hall, kuti akufuna azijambula anthu a mtauni opita kokasaka ndi kokawedza koma asakudziwa kalikonse, ndiye ankangofuna munthu woti azilembako timawu toperekeza zithunzizo. Anapeza Dickens, kamnyamata ka zaka 24 kolemba munyuzi, kodzitcha Boz. Kamnyamatako nkuwauza kuti zosakazo ine sindizidziwa bwino, zithunzi zizitsata nkhani yanga osati ine kutsata zithunzi. Matama ake eti!

Silinatuluke ngati buku lathunthu ayi, linkabwera timagawo mwezi ndi mwezi, tachikuto chobiriwira, shilling imodzi. Gawo loyamba kumapeto kwa March 1836 anagula ndi anthu mazana ochepa chabe. Mu April Seymour anadziwombera ndi mfuti gawo lachiwiri lisanathe. Anatenga Robert Buss, anangojambula gawo limodzi nkumuchotsa, kenako kunabwera Hablot Browne, wodzitcha Phiz, amene anagwira ndi Dickens zaka zambirimbiri. Thackeray, amene pambuyo pake anatchuka polemba mabuku, nayenso anafunsira ntchito yojambulayo koma anamukana kkkk. Mu chipwirikiti chomwechi masamba a nkhani anawonjezera kufika 32, zithunzi nkutsika kuchoka pa 4 kufika pa 2, wolemba uja watenga chiwongolero basi.

Ndiye gawo lachinayi, chaputala 10 chija, akutulukira Sam Weller, amene akudzakhala wantchito wa a Pickwick, akupukuta nsapato panyumba ya alendo ya White Hart, mkamwa mwake mokhala ngati muli injini. Apa mpamene zinaphulikira, anthu kumadikira gawo lotsatira ngati mmene tinkadikirira sewero pa wailesi, moti pomatha mu November 1837 ankagulitsa cha m'ma 40,000 pa mwezi.

Ine chimene chimandigwira mtima nchoti ukuwerenga umachita kumuona munthuyo akuphunzira ntchito pamaso pako. Koyamba ndi tinthabwala tomwazikana, chipewa chauluka, hachi yakana kuyenda. Koma pofika pamlandu wa Mayi Bardell, eni nyumba imene a Pickwick ankachita lendi, amene anamva ngati a Pickwick akuwafunsira banja pomwe iwo ankanena zolemba wantchito, nkhani yagwira msewu. Khoti likuti alipire £750, mdalayo akukana kuti maloya akuba asadyepo, akulolera kukalowa kundende ya angongole ya Fleet, ndipo kumeneko kuseka kumachepa ndithu. Dickens ankazidziwa zimenezo, bambo ake anatsekeredwa kundende ya Marshalsea mu 1824 chifukwa cha ngongole iye ali ndi zaka 12.

Ukapeza mpata Loweruka lina upite pa 48 Doughty Street, pafupi ndi Holborn, pano ndi miziyamu. M'nyumba imeneyo ndi mmene Dickens anamalizira bukuli, ndiponso mlamu wake Mary Hogarth anamwalira momwemo mu May 1837 ali ndi zaka 17, moti gawo la mwezi umenewo silinatuluke. Unditumizire zithunzi pa WhatsApp.

Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa ku Zomba uja.