Ndalama ya misewu timasonkha tonse, koma tara amathera kumsewu waukulu

A Mkonzi,

Ndimayendetsa njinga yamoto ya kabaza muno mu Lilongwe, choncho msewu ndiwo munda wanga. Ndiloleni ndidandaulepo.

Aliyense wothira petulo kapena dizilo amasonkha ndalama yokonzera misewu pa lita iliyonse, afune asafune. Ndalamayo imakalowa m'thumba la Roads Fund Administration, bungwe lomwe linabwera ndi lamulo la 2006 pamodzi ndi Roads Authority, yomwe imayang'anira ntchito yomanga ndi kukonza misewuyo. Mu 2021 anatsegulanso chipata cholipiritsa pa Chingeni, kenako china pa Kalinyeke ku Dedza. Pali ndi abwenzi akunja: mlatho wa ku Old Town anaukuza ndi thandizo la Japan, ndipo msewu wa Crossroads kukafika ku Kanengo anaukuza ndi thandizo la China. Zimenezi sindikuzinyoza ayi. Pa Area 18 ndimadutsa mosavuta masiku ano, pomwe kale tinkakalambirapo pamzere.

Koma kasitomala wanga sakhala pa Area 18. Amakhala ku Mtandire, ku Chinsapo, ku Kauma. Ukangokhota kuchoka pa tara, walowa dziko lina. Kwathu kuli chigwembe china chomwe anyamata awiri amachikwirira ndi zidutswa za njerwa ndi dothi la m'ngalande. Wina fosholo m'manja, mnzake atatambasula chipewa: "Biggie, ya sopo!" Ndimaponyamo K200, chifukwa popanda iwo mayi wonyamula beseni la tomato kumbuyo kwanga angagwere m'matope. Mvula ikagwa usiku, m'mawa dothi lonse lapita, ayambirenso. Ndiye kuti msewu umodzi ndikuulipira kawiri, pa filing'i ndi kwa anyamatawa.

Misewu ya m'makomboni ili m'manja mwa khonsolo. Tsono khonsolo imadalira misonkho ya nyumba ndi malo, ziphaso za malonda ndi matikiti a m'misika, ndipo thumba lomwelo ndilo lichotse zinyalala, likonze ngalande, liyatse magetsi a mumsewu. Ilipo ndalama ina yomwe makhonsolo amalandirako kuchokera kuthumba la misewu lija, koma mzinda ukukula mothamanga kuposa gawo limenelo. Ya CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, nayo timangomva pa wailesi. Phindu lake timaliona pa kamlatho kamodzi, msewu wopita pa kamlathopo uli zigwembe zokhazokha.

Paja mu 1998 tinauzidwa kuti mphamvu zapita kwa anthu. Ntchito inatsikadi kumakhonsolo, koma chikwama chinatsala ku Capital Hill.

Pempho langa ndi ili: chaka chilichonse amate chikalata pamsika wa wodi iliyonse, cholembedwa m'Chichewa, chonena kuti ndalama ya misewu yabwera zingati, yachokera kuti, ndipo ikonza msewu uti. Tikatero tidziwa woti tim'funse, khansala kapena phungu. Chikalatacho chituluke mvula ya Novembala isanagwe, giredala akadatha kulowa kwathu.

Ndine wanu,
Wakabaza,
Lilongwe