Zikomo potithandiza kusankha pulogalamu yolondolera katundu

Kanengo,
Lilongwe.

Kwa Bwana Mkulu ndi onse ogwira ntchito pa kampani yanu,

Ndalemba kalatayi m'malo mwa anzanga onse a m'nyumba yathu yosungiramo katundu kuno ku Kanengo. Chipwirikiti cha nyengo yogulitsa zipangizo zaulimi chatsika tsopano, ndiye ndapeza mpata wokhala pansi kuti ndikuthokozeni bwinobwino chifukwa cha momwe munatithandizira kusankha pulogalamu yoonetsa pomwe pali katundu aliyense.

Mwina simunamve zonse zomwe zinatifikitsa pakhomo panu. Ife timasunga feteleza wa NPK ndi Urea m'matumba a makilogalamu 50, mbewu za chimanga, soya ndi mtedza, komanso mankhwala a mbozi ndi a nankafumbwe. Kwa zaka zambiri tinkadalira makhadi a sitoko opachika pa milu ndi Excel mu ofesi. Excel ankatiuza kuti matumba alipo angati, koma wodziwa pomwe ali anali munthu mmodzi yekha, a bambo athu osunga sitolo, omwe anayamba ntchito pano ine ndili pasukulu.

Novembala wina, mvula yoyamba itangogwa, bambowa anagonekedwa m'chipatala. Tsiku lomwe sindidzaiwala, lole ya matani 30 yopita ku Mchinji inaima pa geti kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Feteleza sanavute, anyamata anapakira msanga. Chinatisowa ndi mabelo a mbewu ya chimanga a loti (gulu la mbewu lokhala ndi nambala yakeyake) yomwe inalembedwa pa oda. Tinagumula milu itatu, thukuta lili kamukamu, dalaivala akungoyang'ana wotchi, mpaka lole inanyamuka yopanda mbewu. Mabelowo tinadzawapeza mvula itatha, atapanikizika kuseri kwa mulu wa Urea, nthawi yodzala itapita kalekale. Chinandiwawa kwambiri n'chakuti alimi anabwerera chimanjamanja kusitolo ya kasitomala wathu, pomwe mbewu inali pansi pa denga langa.

Tisanabwere kwa inu tinali titaonapo mapulogalamu angapo pa intaneti, okongola ndithu, oonetsa mashelefu ataliatali ndi makina onyamula katundu akuyenda okha. Mtima wanga unali utapita kale kumeneko. Ndiye poyamba ndinadabwa mayi injiniya amene munatitumizira atafika ndi tepi yoyezera, choko ndi kope, laputopu ili m'chikwama. Masiku awiri anangoyenda m'nyumbamo, kuyeza mipata, kuona momwe anyamata amasanjira matumba pa mapaleti, kufunsa mbali yomwe imadontha. Kenako anakoka thumba n'kukhala pansi ndi a bambo aja, omwe anali atachira, nati, "Bambo, mundiphunzitse nyumbayi." Mapu oyamba anajambulidwa pamenepo, ndi pensulo, bambowo akuloza ndi chala.

Mayiwa ndi amene anandiuza mosabisa kuti pulogalamu yomwe ndinkaifuna sinali ya ife, ngakhale inali yodula ndipo kampani yanu ikanapindula nayo kwambiri. Ife katundu wathu amakhala m'milu pansi, ndipo milu imakula ndi kuchepa malinga ndi nyengo. Anandipatsa mafunso oti ndizifunsa wogulitsa aliyense. Kodi netiweki ikadula kapena magetsi akazima, ntchito imaima? Kodi imalola foni wamba za Android, kapena mpaka tigule masikana apadera? Nanga tikadzafuna kusiyana nayo, zolemba zathu tingazitulutse? Anandichenjezanso za malipiro a mwezi ndi mwezi a m'madola. Amene anali pa bizinesi mu Novembala 2023, pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, akudziwa kuti chenjezo limeneli ndi lolemera bwanji.

Tinasankha yosavuta, yomwe imasunga zonse mu foni mpaka netiweki itabwerera. Malo aliwonse ali ndi nambala ndi QR code yake, kachizindikiro kamene foni imawerenga ikakajambula. Ine ndinkafuna tipente pansi, koma anyamata anu anati matumba adzaphimba, choncho zikwangwani anazipachika m'mwamba pa nsanamira. Mulu ukasamuka, wonyamula amajambula chikwangwani cha pomwe wachoka ndi cha pomwe wafika, basi. Pa kompyuta ndimaona nyumba yonse ngati ndili padenga: pobiriwira pali malo, pachikasu padzaza, pofiira pali mbewu kapena mankhwala omwe nthawi yake yayandikira, ndipo amenewo ndiwo amayamba kutuluka.

Koma chomwe chinagwira mitima ya anthu anga ndi kanthu kakang'ono. Malo a m'nyumbamu ali ndi mayina omwe anyamata anawapatsa kalekale, monga "kwa mphaka" ndi "pa khomo la njanji". Mayi aja anawalemba onse pambali pa manambala. Munthu akalemba "kwa mphaka" pa foni, pamatuluka B-07. A bambo osunga sitolo, omwe ankaopa kuti kompyuta yabwera kudzawalanda ntchito, ndiwo lero amaphunzitsa aganyu atsopano kujambula zikwangwani, ndipo mulu ukaikidwa osalowetsedwa mu foni, amayamba kudziwa ndi iwo.

Nyengo yapitayi palibe lole yomwe inachedwa chifukwa chosowa katundu. Kuwerenga sitoko, komwe kunkatitsekera nyumba Loweruka ndi Lamulungu, tikumachita mzere umodziumodzi ntchito ili mkati.

Ndili ndi mapempho awiri. Fumbi la feteleza layamba kudya zikwangwani za mbali ya Urea, ndiye mutithandize kupeza zolimbirapo mvula isanayambe. Komanso ngati n'kotheka, mawu a pa foni akhaleko m'Chichewa, chifukwa aganyu ena Chingerezi chimawachedwetsa.

Chonde mutiperekere moni kwa mayi injiniya ndi anyamata awiri omwe anakwera makwerero tsiku lonse kupachika zikwangwani. A bambo osunga sitolo akuti mapu a pensulo aja anawaika mu pulasitiki ndipo ali pakhoma mu ofesi mwawo, mayiwo akadzadutsa ku Kanengo adzawaone.

Ine wanu,
Woyang'anira nyumba yosungiramo katundu