Barkov mwamusiya bwanji pa nkhani ya Stanley Cup?

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule za nkhani imene munatulutsa pa tsamba la masewera, yofotokoza mmene Florida Panthers inagonjetsera Edmonton Oilers 2-1 pa 24 June 2024, m'masewero achisanu ndi chiwiri komanso otsiriza a fainolo, n'kutenga Stanley Cup, chikho cha ligi ya hockey ya pa ayezi ya ku America ndi Canada yotchedwa NHL, koyamba m'mbiri yake. Ndinaiwerenga mpaka kumapeto mtima ukuwawa. Chithunzi chachikulu chinali cha Connor McDavid, katswiri wa Edmonton, mutu wankhani unali wa McDavid, ndime zonse zinali kulira maliro a McDavid. Dzina la Aleksander Barkov, kaputeni wa timu imene yapambana, linangoonekera pa mzere womaliza, kuti ndiye ananyamula chikho. Kodi mlembi wanuyo anaonera masewerowo, kapena anangoyang'ana mndandanda wa ogoletsa m'mawa mwake?

McDavid sindikumunyoza ayi. Mapointi 42 (zigoli ndi mapasi obala zigoli) m'masewero ochotsana si chinthu chamasewera, ndipo mphoto ya Conn Smythe, ya wosewera bwino koposa m'masewero ochotsanawo, anailandira moyenera ngakhale timu yake inaluza. Koma funso limene mtolankhani aliyense amayenera kufunsa ndi ili: zatheka bwanji kuti munthu woopsa chotere amalize masewero awiri otsiriza osagoletsa, osapatsira mnzake ngakhale chigoli chimodzi? Goloboyi Sergei Bobrovsky ndi otchinga kumbuyo monga Gustav Forsling anachitapo mbali yawo, inde. Koma amene ankatumizidwa kukamuima pakhosi McDavid pakati pa bwalo anali Barkov, wosewera kutsogolo amene ntchito yake yaikulu ndi kuzimitsa moto wa adani usanafike pagolo.

Ntchito imeneyi siioneka pa bolodi ya zigoli. Ndi munthu ameneyu amene mphunzitsi amamutulutsa kutatsala mphindi imodzi pa face-off ya pafupi ndi golo lawo, pamene woimbira amagwetsa puck (kampira kaphwathalala ka hockey) pakati pa osewera awiri kuti ailimbirane. Mnzake akapita ku benchi ya chilango kwa mphindi ziwiri, timu n'kutsala ndi anayi kulimbana ndi asanu, ndiye amene amagwada kutsogolo kwa puck yomenyedwa mwamphamvu, kuitchinga ndi thupi lake. Anzake akathamangira kukagoletsa puck n'kulandidwa, iye amabwerera msanga kudzanyamula ndodo ya mdani kuchokera kumbuyo. Owerenga anu amene amadziwa mpira wamiyendo akumbukire zimene N'Golo Kanté ankachita ku Leicester mu 2016, amvetsa zomwe ndikunena.

Ndipo si ine ndayambitsa kulemekeza anthu otere. NHL ili ndi mphoto yawoyawo, Frank J. Selke Trophy, kuyambira 1978, ndipo amavota ndi atolankhani anzanu olemba za hockey. Bob Gainey wa Montreal Canadiens anaitenga zaka zinayi zoyambirira motsatizana. Patrice Bergeron wa Boston Bruins, amene anapachika nsapato mu 2023, anaitenga kasanu ndi kamodzi, ndipo ndi yemweyo amene anagoletsa ziwiri ku Vancouver pa masewero omaliza a fainolo ya Stanley Cup ya 2011, chimodzi timu yake ili ndi munthu ku benchi ya chilango. Barkov anaitenga mu 2021, n'kuitenganso mu 2024. Ndiyenso kaputeni woyamba wa ku Finland kunyamula Stanley Cup. Zonsezi mlembi wanu sanaone kuti n'zoyenera ngakhale chiganizo chimodzi!

Chimandipweteka kwambiri n'chakuti kaganizidwe aka kowerenga zigoli zokha kamawononga matimu enieni. Ife okonda Montreal sitinaiwale za Phillip Danault. Mu 2021 anagoletsa chimodzi chokha m'masewero onse ochotsana, koma ndiye amene anamumanga Auston Matthews wa Toronto, amene anali atatsogola pa zigoli mu ligi yonse chaka chimenecho, mpaka anangopeza chigoli chimodzi pa masewero asanu ndi awiri. Toronto inali itapambana masewero atatu pa anayi oyamba, koma Montreal inatembenuza zinthu, n'kupita mpaka ku fainolo. Patangopita milungu yochepa Danault anasaina ku Los Angeles Kings kontirakiti ya zaka zisanu ndi chimodzi, anthu ena n'kumanena kuti palibe chatayika poti munthuyo sagoletsa. Chaka chotsatira Montreal inathera pansi penipeni pa matimu onse 32. Zifukwa zinalipo zina, goloboyi Carey Price ndi kaputeni Shea Weber anali ovulala, koma dzenje limene Danault anasiya pakati aliyense analiona. Ku Los Angeles Danault anakagoletsa 27 chaka chomwecho.

Ndipo matendawa sali pa hockey pokha. Tsamba lanu la masewera likalemba za mpira uliwonse, amene wagoletsa ndiye amapatsidwa chithunzi, amene wathamanga masewero onse kulanda mipira satchulidwa n'komwe. Ana amene akuphunzira masewera amawerenga zimenezi, n'kuyamba kukana kubwerera kumbuyo kukathandiza anzawo. Mphunzitsi awauza bwanji kuti kutchinga n'kofunika pamene nyuzipepala ikuwaonetsa zina?

Chonde Akonzi, muuzeni mlembi wanu kuti akamalemba za hockey aziikamonso amene anapambana ma face-off ambiri ndi amene anatchinga pa nthawi ya chilango, ziwerengerozo NHL imatulutsa masewero akangotha. Ndipo sabata ino mutipatse nkhani ya Barkov yokha, ndi chithunzi chake.

Wowerenga wanu,
Montreal, Canada