Chikondwerero cha a Czech chimayambira kukhitchini ndi m'chipinda chosungira zovala

Akonzi,

Tiloleni tiikepo mawu pa momwe nkhani za zikondwerero za mitundu ya kutali zimalembedwera. Chimene chimafika patsamba nthawi zambiri ndi chithunzi cha atsikana ovala zofiira akuvina, kenako mzere umodzi wonena kuti anthu anasangalala, basi. Owerenga amamanidwa gawo lenileni la nkhaniyo, lomwe ndi ntchito ya manja imene imachitika alendo asanafike. Titengere zikondwerero za a Czech zimene zimachitikira m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ku America, nyumba zomwe anazikhazikitsa ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Bohemia ndi ku Moravia, zigawo za dziko la Czech Republic ku Ulaya.

Yodziwika kwambiri ndi National Czech & Slovak Museum & Library ya mumzinda wa Cedar Rapids, ku Iowa. Inayamba mu 1974, ndipo nyumba yake yatsopano inatsegulidwa mu Okutobala 1995 pamaso pa atsogoleri a mayiko atatu: Bill Clinton wa ku America, Václav Havel wa ku Czech Republic ndi Michal Kováč wa ku Slovakia. M'dera lomwelo la Czech Village mumachitika Houby Days mwezi wa Meyi, ndipo houby ndi bowa m'chinenero chawo. Ku Wilber, ku Nebraska, chikondwerero cha mu Ogasiti chakhala chikuchitika kuyambira 1962. Ku La Grange, ku Texas, kuli Texas Czech Heritage and Cultural Center. Konseku ntchito yambiri ya tsikulo imagwiridwa ndi anthu ongodzipereka, ndipo vuto lawo loyamba limakhala lowerengera.

Mlendo aliyense amafuna koláč, kabanzi kozungulira kokhala ndi dzenje pakati lodzaza zotsekemera. Akakhala ambiri amati koláče. Muyezo wodalirika ndi uwu: ufa wa tirigu magalamu 500, mkaka mamililita 250, batala magalamu 80, shuga magalamu 70, zachikasu za mazira awiri, yisiti wouma magalamu 7, mchere magalamu 6 ndi khungu la mandimu lopala pang'ono. Mkaka ukhale wofunda chabe, cha m'ma digiri 37. Ukayandikira madigiri 60 yisiti amafa, ndipo mungadikire mpaka dzuwa kulowa ufawo osatupa. Ufa wokandawo uyenera kukhala wofewa, womatirira pang'ono ku zala. Apa ndi pamene ophunzira kumene amalakwitsa: amaopa kumatako, n'kumathira ufa wina mpaka manja ayere, mapeto ake koláč imatuluka yolimba ndipo pofika mawa imakhala itauma gwa. Mukakanda kwa mphindi 10, vindikirani kwa ola limodzi kuti utupe kawiri, ndiye mugawe timibulu ta magalamu 40. Muyezowu umatulutsa timibulu 24.

Timibuluto tipume mphindi 20 pa thireyi tisanabowoledwe. Dzenje limapangidwa ndi pansi pa tambula wopaka ufa, ndipo likhale lalikulu ndi lakuya, mlomo wotsala m'mbali usapose sentimita imodzi. Dzenje la chala chimodzi silithandiza, chifukwa mu uvuni pakati pamatupanso n'kukankhira zotsekemera zija pa thireyi. Zothira m'dzenjemo zodziwika ndi zitatu. Povidla ndi mapulamu ophikidwa nthawi yaitali mpaka kuuma phala lake, moti supuni imaima yokha. Jamu wamba wa m'botolo sangalowe m'malo mwake, chifukwa ali ndi madzi ambiri: amawira, kusefukira, n'kupserera pansi. Tvaroh ndi tchizi chofewa chowawasa pang'ono. Ngati chili ndi madzi chifinyidwe m'nsalu, kenako chisakanizidwe ndi chachikasu cha dzira ndi shuga. Mák ndi njere za duwa lotchedwa popi, ndipo ziyenera kuperedwa kaye, chifukwa zosapera zimangokhala ngati mchenga m'kamwa. Magalamu 200 a njere zopera aphikidwe mu mkaka mamililita 200 ndi shuga magalamu 80 mukutakasa, ndipo zizizire musanathire. Lawani njerezo musanagule zambiri, pakuti zili ndi mafuta ndipo zikakhalitsa zimawawa. Pamwamba amawazapo posypka, timibulu ta ufa, shuga ndi batala tofikisa ndi zala. Uvuni ukhale pa madigiri 180 kwa mphindi 15 mpaka 18, ndipo zikangotuluka zipakidwe batala wosungunuka m'mbali.

Tsono werengani. Kuti mupeze koláče 600 muyenera kubwereza muyezo uja maulendo 25: ufa makilogalamu 12 ndi theka, mkaka malita 6 ndi kota, batala makilogalamu 2, mazira 50. Uvuni wa panyumba umalowa mathireyi awiri a 12, ndipo ulendo uliwonse, kuphatikiza kusintha mathireyi, umadya mphindi 25. Amenewo ndi maola opitirira 10 pa uvuni umodzi. Komiti imene sinachite masamuwa imakanda ufa wonse nthawi imodzi m'mawa, ndipo pamene mathireyi oyamba akupsa, ufa wotsalawo umakhala utatupa mopitirira, wayamba kununkha mowa n'kuphwa. Kukanda kuyende motsatira uvuni, chigawo chilichonse pa nthawi yake, kapena ufa wina ugone m'filiji usiku kuti yisiti achedwe. Tingowonjezapo kuti kabanzi kokhala ndi soseji mkati kamene ku Texas ambiri amakatcha kolache, eni chikhalidwe amati klobásník, ndipo kachikwangwani ka patebulo kakalakwitsa zimenezi, agogo ena sadzalephera kubwera kudzakukonzani.

Nyengo ya Pasaka, mwambo umene umadzaza chipinda ndi wa kraslice, mazira okongoletsedwa. Njira zilipo zingapo: ena amakala utoto ndi kampeni, a m'dera la Haná ku Moravia amamatapo tizidutswa ta mapesi a balere, ena amakulunga dzira ndi waya. Yophunzitsika mu ola limodzi ndi ya phula. Zida zake n'zosavuta: supuni yopindidwa n'kuzikidwa m'mbatata kapena m'kapu ya mchenga, kandulo pansi pake, phula la njuchi m'supunimo, ndi phini wobayidwa kumapeto kwa kamtengo kuti mutu wake ukhale cholembera. Phula la njuchi limasungunuka cha m'ma digiri 63, koma pa mutu wa phini limauma m'kamphindi. Choncho kuviika kumodzi ndi kamzere kamodzi: kugunda dzira, kukoka, kubwerera ku supuni. Dzira likhale pafupi penipeni ndi supuni. Wophunzira akaika dzira kutali, phula limaumira m'njira ndipo amangokanda chigoba. Phula likayamba kufuka ndiye kuti latentha mopitirira, limayenderera pa dzira ndipo likhoza kuyaka.

Dzira lipukutidwe ndi viniga ndipo lisakhale lochokera m'filiji, chifukwa lozizira limachita thukuta ndipo phula silimata. Zala zamafuta zimasiya mabala amene utoto umakana. Utoto umayamba ndi wowala kupita ku wakuda: wachikasu, wofiira, kenako wakuda, ndipo pakati pa utoto uliwonse mumaphimba ndi phula malo amene mukufuna asasinthe. Utotowo ukhale utazizira, apo ayi usungunula zolemba zanu. Dzira lopemereredwa kale zamkati limayandama, ndiye mabowo ake atsekedwe ndi phula ndipo likanikizidwe pansi ndi supuni. Pomaliza lifunditseni pambali pa lawi, osati pamwamba pake pomwe pali mwaye, n'kupukuta phulalo ndi kansalu. Zonsezi zichitikire m'chipinda china, kutali ndi makabati a zowonetsa. Makandulo 15 oyaka pamodzi amatulutsa mwaye wokwanira kudetsa lesi woyera, ndipo mwaye ukalowa mu ulusi wakale suchokanso.

Pamene pamabuka mkangano waukulu ndi pa kroj, chovala cha makolo. Kroj si imodzi, dera lililonse lili ndi yake. Ya ku Kyjov ili ndi manja otukumuka olimbitsidwa ndi sitachi, ya ku Haná ili ndi kolala yaikulu yopindapinda, ya ku Chodsko ilinso ndi kalembedwe kake. Mtsikana wosakwatiwa amavala nkhata ya maluwa kumutu, mayi wapabanja amaphimba tsitsi ndi chipewa kapena mpango. Kutenga epuloni ya dera lina, malaya a dera lina, n'kuveka mayi wa zidzukulu nkhata ya namwali, kwa odziwa n'chimodzimodzi kulemba chiganizo chosamveka. Koma cholakwa chachikulu kuposa ichi ndi kutsegula kabati n'kubwereketsa kroj ya zaka zoposa 100 kwa wovina chifukwa choti agogo ake ndiwo anaipereka. Pempho lotere n'lovuta kukana, ndipo tikumvetsa chifukwa chake. Likanidwebe. Thukuta limadya silika, ulusi wofiira wopetera umatha kusuluka n'kudetsa nsalu yoyera ukanyowa, ndipo msoko wakale sungapirire kudumpha kwa gule wa polka. Nyumba yanzeru imakhala ndi magulu awiri a zovala olembedwa m'mabuku osiyana: zosunga, zimene sizivalidwa konse, ndi zosokedwa masiku ano motengera zakalezo, zimene zimavalidwa, kuchapidwa, n'kutha osadandaulitsa munthu.

Zosungazo zili ndi malamulo ake. Kuwala pa nsalu kusapose malaksi 50 (laksi ndi muyezo wa kuwala), ndipo nsalu isakhale powonekera chaka ndi chaka, chifukwa utoto ukafwifwa subwerera. Chinyezi chikhale pakati pa 45 ndi 55 pa 100 aliwonse. Chikakwera kupitirira 65 kwa masiku angapo, chuku chimayamba. Sitachi amene amakongoletsa manja pa tsiku la mwambo ndi chakudya cha tizilombo, komanso amathyola ulusi m'mapindo, choncho chovala chisasungidwe chili ndi sitachi. Siketi yolemera isapachikidwe pa waya. Igone m'bokosi, mapindo ake atsamiritsidwe ndi pepala lopanda asidi. Ndipo pali msampha wa tsiku lenileni la chikondwerero: alendo amabwera ndi matumba a zovala za makolo awo kudzapereka ngati mphatso. Thumba lotere lisalowe m'chipinda chosungira. Mungakhale mazira a njenjete. Litsekedwe m'pulasitiki, likhale m'firiza ya madigiri 20 pansi pa ziro kwa sabata imodzi kapena kuposerapo, ndipo lisatsegulidwe mpaka litafunda lokha kwa tsiku lathunthu, kuti chinyezi chikhale kunja kwa pulasitiki osati pa nsalu. Woperekayo afunsidwe pomwepo dzina la mudzi umene chovalacho chinachokera ndi amene ankachivala, pakuti akachoka, chotsala ndi nsalu chabe.

Za magule sitichulukitsa. Česká beseda, imene inakonzedwa ku Prague m'zaka za m'ma 1860, imavinidwa ndi anthu asanu ndi atatu, awiriawiri, moyang'anizana mbali zinayi. Akasowa mmodzi bwalo lonse laima, ndiye pakhale awiri apadera odziwa masitepe. Pa mwambo wa Svatý Mikuláš (Nikolasi Woyera) wa madzulo a 5 Disembala pamayenda atatu: bishopu, mngelo ndi mdyerekezi wa unyolo, amene amapatsa ana osamvera khala kapena mbatata. Mdyerekeziyo aime kumbuyo kwa mngelo ndipo achepetse kugwedeza unyolo pakafika ana aang'ono, apo ayi mwambo umasanduka maliro.

Chimene ambiri sachiganizira pokonza zonsezi ndi malo amene nyumbayo yaima. Mu Juni 2008 mtsinje wa Cedar unasefukira ndipo madzi akuya mamita oposa awiri analowa m'nyumba ya ku Cedar Rapids ija. Mu 2011 nyumba yonseyo, yolemera matani pafupifupi 1,500, inakokedwa mamita 146 kuchoka pomwe inali n'kukwezedwa mamita oposa atatu, ndipo inatsegulidwanso mu Julayi 2012 ndi chiwonetsero cha zojambula za Alphonse Mucha, katswiri wojambula wa mtundu wa a Czech. Nyumba yaing'ono ya m'tauni ya alimi ilibe ndalama zonyamulira makoma. Ili ndi zotheka zake: bokosi lililonse likhale pa shelefu, masentimita 15 kuchoka pansi ngakhale m'chipinda chooneka chouma, zinthu za mtengo wapatali zisasungidwe m'chipinda chapansi pa nthaka, ndipo pakhale mndandanda wa zinthu 20 zoyamba kutulutsidwa, wokhala ndi nambala ya shelefu, womatidwa kuseri kwa chitseko. Mabuku ndi makalata akanyowa alowe m'firiza pasanathe maola 48, chuku chisanagwire, ndipo masamba omatana asakanulidwe ndi manja akadali onyowa.

Ndife,
Owerenga anu.